Kapinga wa Pakhomo pa Che Amidu

Ndikakumbukira Che Amidu, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la udzu wodulidwa kumene, litasakanikirana ndi utsi wa milamba yomwe asodzi ankawamba kumunsi kwa mudzi wathu, kenaka kulira kwa chikwakwa chawo pa mwala wa pakhonde, kwee kwee, m'mamawa mbalame za kudambo zisanasiye phokoso. Ankanola chikwakwacho tsiku lililonse, ngakhale tsiku loti palibe choti adule. Anali bambo wamfupi, wa miyendo yowonda, kachisoti koyera kumutu, ndipo kukhala pansi kunkawavuta. Ukawapatsa moni ankayankha akuyenda, maso ali pansi, kufunafuna kaudzu kachilendo koti azule.

Ndakhala ndikuwaganizira kwambiri miyezi ino, ndipo chifukwa chake ndi mwana wanga Tadala. Ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Mphepo ikangoyamba kuchokera kunyanja itanyamula fumbi loyera lija, chifuwa chake chimayamba kulira ngati kamwana ka mphaka, ine n'kutaya chilichonse chimene ndagwira. Kuchipatala anandipatsa mankhwala opopera m'kamwa, n'kundiuza kuti ndizimuteteza ku fumbi ndi utsi. Ndinagwedeza mutu ngati andiuza chinthu chophweka. Kuno m'mbali mwa Chilwa, kuuza munthu kuti apewe fumbi n'chimodzimodzi kumuuza kuti asamuke.

Ine ndinakulira kwa anganga, amayi awo a mayi anga, omwe anthu ankawatchula kuti a Nambewe. Kwa iwo, komanso kwa mudzi wonse, pakhomo pa munthu wolongosoka pankayenera kukhala posesa, dothi lokhalokha, popanda ngakhale kaudzu kamodzi. Ankadzuka dzuwa lisanatuluke, tsache m'manja, koma asanasese ankayamba aima pakhonde n'kuwerenga pansi. Ankadziwa kuti apa padutsa galu wa eni, apa chule, apa munthu wa nsapato za matayala yemwe sanaodire. Chimene ankafuna kwenikweni chinali mzere wosalala wokhotakhota, wa njoka. Akaupeza ankautsata mpaka pomwe walowera, ndipo tsiku limenelo panalibe mwana wololedwa kupisa dzanja m'nkhuni kapena kuseri kwa mtsuko. Akatha kuwerenga m'pamene ankasesa, mwamphamvu ngati akukangana ndi dothilo, fumbi n'kukwera kupitirira denga, mphepo n'kulitenga kupita nalo kutsidya kwa kanjira.

Kutsidya kwa kanjirako ndiye kunali nyumba ya Che Amidu. Zaka zambiri iwo ankakhala ku Zomba, kusamalira maluwa ndi udzu pa nyumba za mabwana m'munsi mwa phiri, kumudzi n'kumabwera pa Idi pokha. Akazi awo, Abiti Sumani, ankatsala okha, mayi wofatsa, wolankhula motsitsa, yemwe ankapumira kawiri asanafike ku mjigo. Ana awo onse anali kutali. Chaka chomwe nyanja inayamba kuthawa, mabwato n'kutsala atagona pamatope, ine ndili sitandade folo, Che Amidu anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi. Anafika masana ena mvula itangosiya kumene, akukankha njinga, pakaliyala atamanga matumba atatu odontha madzi.

Anganga anasiya kupeta mpunga.

"Takulandirani, Che Amidu. Mwatitengera chiyani kutauni, kholowa?"

"Ndi udzu, mayi."

"Wofolerera?"

"Wobzala."

Anganga anandiyang'ana ine ngati ndine ndanena. "Munthu kukankha njinga kuchokera ku Zomba, thukuta kamukamu, atanyamula chinthu chomwe ife timagona ndi msana wopweteka chifukwa chochizula. Nanga njoka muziziona bwanji?"

"Kwa bwana ndakhalako zaka makumi awiri, njoka sinandilumepo."

"Njoka za kwa bwana zinapita kusukulu. Zakuno n'zosaphunzira."

Che Amidu sanaseke. Anamasula matumba aja pansi pa mtengo wa mango, ndipo kunena zoona udzuwo unali wokongola, wa masamba ang'onoang'ono, wobiriwira kwambiri, wofewa ngati tsitsi la khanda. Mawa lake anakhoma zikhomo, kukoka chingwe, kugaula bwalo lonse lomwe Abiti Sumani anakhala akusesa zaka zonsezo, kuthira manyowa a mbuzi, n'kubzala m'mizere yowongoka kuposa ya m'kope mwanga.

Kuyambira pamenepo moyo wawo unasanduka wa kheni, chothiririra cha malata chomwe anabwera nacho kutauni. Poyamba kawiri patsiku, posakhalitsa m'mawa kasanu, madzulo kasanu, ankapita ku mjigo kukaima pamzere pakati pa amayi, bambo yekhayekha, kachisoti kali mbuu. Chaka chimenecho zitsime zambiri zinali zitauma, mzere unkafika mpaka pa chulu, ndipo amayi sankawasiya.

"Bwana afika, apatseni mpata, maluwa akulira."

"Che Amidu, udzuwo ukakhwima mudzatigawireko mbewu, nafenso tidye."

Iwo ankangoyang'ana pansi, mwendo umodzi ukunjenjemera, kudikira nthawi yawo. Mudzi wonse unagwirizana kuti munthuyu Chizungu chamulowa m'mutu. Inenso ndinkaseka nawo, ndivomere. Tsiku lina ndinawatsanzira kayendedwe kawo, nditanyamula chitini, mpaka anzanga anagwa pansi ndi phwete.

Koma madzi a mjigo wathu ndi amchere, ngakhale sopo amachita kumukakamiza kuti atulutse thovu. Pofika Ogasiti udzu uja unayamba chikasu kunsonga, ndipo pansi pankatsala zoyerayera ngati wina wawazapo ufa. Che Amidu anaganiza kuti ndi ludzu, ndiye anaonjezera maulendo. Akathirira kwambiri, udzu n'kumapsa kwambiri. Ankagwada pabwalo paja dzuwa lili pamutu, kufukula ndi chala, kununkhiza dothi, kudzuka, kutenga kheni, ulendo.

Masana ena mu Okutobala, kutentha koti ngakhale nkhuku zinali kukamwa yasa, kamvuluvulu anadzuka pomwe kale panali nyanja. Tinamuona akubwera, woyera, wamtali, atanyamula mapesi ndi mapepala, ndipo atadutsa m'mudzi kunada ngati kukubwera mvula. Ine ndi anganga tinabisa nkhope m'zitenje. Fumbi litayamba kutsika tinamva mbale ikugwa kutsidya, kenaka kamawu kachilendo, ngati munthu akuimba likhweru ndi mano. Anganga anathamanga, ine pambuyo.

Abiti Sumani anali atagwada pakhomo, dzanja limodzi litagwira chitseko, lina pakhosi. Milomo inali itatuwa. Ankayesa kukoka mpweya, mapewa n'kukwera mpaka m'makutu, koma mpweyawo sunkalowa. Anganga anawakhazika tsonga, kuwatsamiritsa pachifuwa pawo.

"Amuna awo ali kuti?"

Ndinathamangira ku mjigo kukawaitana Che Amidu. Ndinawapeza ali achisanu ndi chiwiri pamzere. Anabwera akuthamanga, kheni ili m'manja, osadziwa n'komwe kuti ainyamula, mpaka anganga anachita kuwauza kuti aike pansi atenge njinga. Anawakweza Abiti pakaliyala, Che Amidu akukankha, anganga atawagwira m'chiuno, mpaka kuchipatala. Anakagonekedwa masiku anayi.

Tsiku lachiwiri madzulo dzuwa lisanalowe, Che Amidu atabwera kudzatenga zovala, anganga anawatengera mpunga wa nyemba. Tinawapeza atakhala pakati pa udzu wakufa uja, koyamba kuwaona atakhala pansi. Analandira mbale, osaivundukula.

"Mwa mabwana anga onse, wina anali dokotala," anatero, maso ali ku mbale. "Ndinamufotokozera za chifuwa cha mayiwa. Anandiuza kuti chifuwa chotere chimadana ndi fumbi. Ndiye ine ndinkaona kuti pa nyumba pake paja, mphepo iwombe chotani, fumbi silidzuka pabwalo. Ndinati ndikawabzalire."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinene kuti akazi anga akudwala, kuti mudzi wonse uziwayang'ana ngati maliro oyenda? Iwo sakanafuna. Bola azindiseka ine."

Anganga anandikodola kuti tizipita. Sanali munthu wopepesa, ndipo sanapepese. Koma tikuwoloka kanjira kaja anaima, kuyang'ana bwalo lathu loyera bwino, kuyang'ana komwe mphepo imalowera, n'kulankhula okha motsitsa: "Ndiye kuti fumbi la tsache langa lonseli limathera pakhomo pa Abiti." M'mawa wotsatira ndinadzutsidwa ndi phokoso lachilendo. Ankawaza pabwalo madzi otsukira mbale a dzulo lake, ndi dzanja, pang'onopang'ono, asanagwire tsache. Anachita zimenezo mpaka kumwalira kwawo.

Mvula yoyamba itagwa, anthu atayamba kukonza minda ya mpunga, anganga anabwera kuchokera kudambo atasenza dengu lalikulu, matope akudontha m'khosi. Sanalowe kwathu. Anapitirira mpaka kutsidya n'kulitula pamapazi pa Che Amidu. Munali kapinga, yemwe uja woyanga pansi, wa mfundomfundo, wolimba ngati waya, amene amamera m'mphepete mwa minda ndi momwe ng'ombe zimadya.

"Ameneyu ndalimbana naye chikwatiwire," anatero anganga. "Ndamulima, ndamutentha, nyanja yamumiza miyezi inayi, ng'ombe zamupondaponda. Chaka chilichonse ndimamupeza akundidikira. Mutengeni, akakuvuteni inu."

Che Amidu anatola kamodzi, kukatembenuza, nkhope itakwinyika. "Mayi, ameneyutu ku Zomba tinkazula n'kutaya kudzala. Bwana akamupeza pakati pa udzu wake ankandiitana ndi dzina lonse."

"Bwana wanuyo ali ndi mpopi. Inu muli ndi msana umodzi."

"Ndi wokhakhala. Saoneka bwino."

"Abiti akufuna kumuyang'ana kapena kupuma?"

Abiti Sumani anali pakhonde, atafunda chitenje, akumvetsera. Anaseka pang'ono, kuseka kuja kothera m'chifuwa, n'kunena kuti, "Bambo, bzalani." Anali mawu awiri okha, koma Che Amidu anapita kukatenga khasu.

Anganga anaikapo lamulo limodzi. Kuzungulira nyumba yonse anasiyitsa mpata wa mapazi awiri aakulu, wopanda udzu, kuti chilichonse chokwawa chochokera mu kapinga chizisiya mzere chisanafike pakhomo. Mpata umenewo ankauwerenga okha m'mawa uliwonse akatha wakwathu, ndipo Che Amidu ankaima pambali ngati mwana wa sukulu wodikira kuti amuchongere. Kapingayo sanafune manyowa kapena chingwe. Anangomudula zidutswazidutswa, kukwirira m'matope, kupondapo ndi chidendene. Pofika Febuluwale anali atagwirana, pofika Epulo dothi silinkaonekanso, ndipo chikwakwa chija chinapeza ntchito. Pomwe chikwakwa chalephera, mbuzi yathu inkamaliza, atayimangirira pa chikhomo chomwe ankachisuntha tsiku ndi tsiku.

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Koma chilimwe chitabweranso kapinga uja anayamba kufiira, n'kusanduka ngati mphasa yakale, ndipo m'mawa wina tinaona Che Amidu akutuluka ndi kheni. Anganga anawatsekera njira, tsache lili m'manja.

"Kheniyo mukupita nayo kuti?"

"Wayamba kufa, mayi. Ndangoti kawiri kokha patsiku."

"Chaka chatha munayambanso ndi kawiri."

Anawagwira dzanja, chinthu chomwe sindinaonepo anganga akuchita kwa bambo wa eni, n'kuwakokera pabwalo pawo pomwe. Anafukula ndi chidendene mpaka anatulutsa muzu, woyera, wonenepa, n'kuuthyola kuti aone madzi ake.

"Wafa ameneyu? Wangogona. Ndipo ngakhale ali chigonere wagwira dothi. Mwaona fumbi likudzuka pano?"

"Ayi."

"Ndiye mukufunanso chiyani ku mjigo? Inu mukakhala pamzere kuja, Abiti amakhala ndi ndani?"

Anganga anawalanda kheni ija, kukaipachika ku denga la khitchini yathu komwe ankasunga mbewu ya chimanga, ndipo inakhala komweko mpaka inada ndi mwaye.

Masiku oyamba zinali zomvetsa chisoni. Bambo uja ankazungulira bwalo lake ngati mbuzi ya pachingwe, kugwada, kufukula, kukwiriranso, kunola chikwakwa chakuthwa kale. Kawiri kapena katatu anafika pakhomo pathu.

"Odi, mayi. Kheni yanga ija."

"Abiti adya?"

Iwo n'kubwerera. Patapita sabata ziwiri ndinawaona atayala mphasa pa kapinga wofiira uja, pamthunzi wa mango, atakhala pambali pa akazi awo, lichero la mpunga lili pakati, akusankha timiyala. Mwendo wawo unkanjenjemerabe, ndipo maso ankangothawira ku udzu, koma anakhala. Mphepo ikayamba kunyanja, iwo ndi amene ankayamba kuiona, n'kuwalowetsa Abiti m'nyumba, kutseka mawindo ndi nsalu yonyowa, fumbi lisanafike. Mvula yoyamba itagwa, sipanathe sabata, bwalo lonse linabiriwira lokha.

Sindinganene kuti kapinga anawachiritsa Abiti Sumani. Fumbi lalikulu linkachokera kunyanja, ndipo limenelo palibe udzu ungaliletse. Anadwalabe, kuchipatala anapitabe. Koma anakhala zaka zina zinayi, ndipo m'zaka zinayizo sanagwenso pakhomo ali okha.

Tsopano ndinene zomwe zimandichititsa manyazi. Nkhani yonseyi ndinaiona ndi maso anga. Koma chaka chatha, Tadala atangoyamba kudwala, ine ndi satifiketi yanga ya ku koleji ndinakhala pa foni masiku atatu, kuyang'ana zithunzi za mabwalo obiriwira, kuwerenga za mitundu ya udzu yomwe amati sifuna chisamaliro chambiri, osadzifunsa kuti olembawo madzi awo ndi otani. Kapinga wa kudambo ndinamuona ngati wa anthu akale, osadziwa zambiri. Ndinakwera minibasi pa Songani mpaka ku Zomba, n'kukagula matumba awiri kwa bambo wina wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, yemwe ananditsimikizira kuti uwu ndiye umera paliponse. Unali wofewa, wobiriwira. Ndinkaona kale Tadala akugubuduka pamenepo.

Ndinayamba ndi zigubu ziwiri patsiku. Kenaka zinayi. Bambo a Tadala amaphunzitsa, amachoka m'mawa, ndiye mwana ndinkapita naye kumbuyo, kudutsa naye m'fumbi lomwelo lomwe ndinkati ndikumuteteza, kukaima naye pamzere dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lina ali kumsana ndinamva kamphaka kaja kayamba kulira. Ndinapisa m'chitenje, mankhwala mulibe, ndinawasiya pawindo. Mmene ndinathamangira tsiku limenelo sindifuna kukumbukira. Nditamupopera, mpweya utayamba kulowa, ndinapeza kuti chigubu ndabwera nacho, chopanda madzi, chili m'manja.

Madzulo ake ndinawauza bambo ake zonse, ndikulira. Sanandikalipire. Anayang'ana panja pomwe udzu wanga unali utayamba kale chikasu, n'kufunsa mofatsa, "Amake Tadala, pakati pa udzu ndi mwana, wodwala ndi uti?"

Che Amidu anamwalira kalekale, anganganso chimodzimodzi. Nyumba ija inagwa, ndipo pamalopo mwana wa mlongo wa Che Amidu amalimapo chimanga. Mvula itayamba ndinapita kwa iye ndi dengu. Ndinamupeza ali m'munda, akumenya zibuma ndi msana wa khasu, akutukwana chapansipansi. Nditamuuza chomwe ndabwerera anaimitsa khasu, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achemwali, mukufuna kapinga ameneyu? Amalume anatisiyira mavuto pano. Tengani yense, ndikuthandizani n'kusenza komwe."

Ndinamubzala mmene ndinaonera, zidutswazidutswa, kupondapo ndi chidendene, ndi mpata wa mapazi awiri kuzungulira nyumba. Kuwerenga pansi sindidziwa bwino ngati anganga. M'mawa uliwonse ndimawerama pampata paja, ndipo kangapo ndadzutsa bambo a Tadala chifukwa cha mzere womwe unapezeka kuti ndi wa chingwe cha mbuzi.

Pano tili mu Seputembala, ndipo kapinga wanga wafiira. Ndikudziwa kuti sanafe, ndinafukula, muzu ndinauona. Koma kudziwa ndi kwina, mtima ndi wina. Ine ndine munthu woti ndikaona chinthu chikufota manja amandiyabwa, ndimafuna ndithamange, ndichitepo kanthu, kalikonse, bola ndisangokhala. Dzulo masana ndinangopezeka ndili pakanjira, chigubu m'manja, ndikudziuza kuti kamodzi kokha sikangalakwe. Wondilanda panalibe. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu, ndikuyang'ana ku mjigo, ndikuyang'ana kunyanja komwe kunayamba kutuwa.

Tadala anali pa mphasa pansi pa mtengo, akuika timiyala m'kapu n'kumakhuthula. Ndinabwerera, kuika chigubu kuseri kwa chitseko, kutenga mankhwala ake pawindo, n'kukakhala naye pa udzu wouma uja. Manja ndinachita kuwakhalira. Anandipatsa kamwala kamodzi kuti ndimusungire, ndipo ndinatulutsa dzanja limodzi lokha, n'kulandira, khutu lili pa chifuwa chake.